Bwalo la Zisudzo la ku Chichiri

 Lero tikambirana za nyumba imodzi yaing'ono ya mumzinda wa Blantyre, imene inalera zisudzo za dziko lino. Akuluakulu amaidziwa ndi dzina lakuti French Cultural Centre, koma masiku ano imatchedwa Blantyre Cultural Centre.

Malowa anatsegulidwa ndi boma la France m'chaka cha 1973. Cholinga chawo chinali kuphunzitsa Chifalansa ndi kuonetsa chikhalidwe cha kwawo, kotero anamangapo zipinda zophunziriramo, nyumba yowerengeramo mabuku, holo, ndiponso bwalo lapanja. Bwalo limeneli ndilo linatchukitsa malowa.

Kamangidwe kake nkosavuta kumvetsa. Ochita sewero amakhala kumunsi, ndipo oonerera amakhala pamasitepe okwera pang'onopang'ono, kotero kuti wakumbuyo satchingidwa ndi mutu wa mnzake, ndipo mawu amafika kwa onse. Agiriki akale ankamanga chomwecho zaka zoposa 2,000 zapitazo. Komabe munthu wa kwa Mkanda kapena kwa Zulu sangadabwe nazo, pakuti pabwalo la gule kapena la ingoma ana amakhala pansi kutsogolo, akulu naimirira kumbuyo, ndipo woonerera amaloledwa kuyankha, kuseka ndi kululutira. Ufulu umenewu ndiwo unachititsa Amalaŵi kuona malo a alendowa ngati awoawo.

Tsono ndani anadutsa pabwaloli? Woyamba kumutchula ndi Du Chisiza Jr, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, nasonyeza kuti munthu angathe kudya thukuta lake kupyolera m'zisudzo. Masiku amenewo sewero lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Censorship Board, potsata lamulo la 1968, kotero olemba ankabisa nkhani zowawa m'mafanizo, oonerera namasulira okha. Chisiza anamwalira mu 1999, ndipo Gertrude Kamkwatira, amene anaphunzira luso m'gulu lomwelo, anapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yake mu 2006. Kumbali ya Chichewa kunali gulu la Kwathu, momwe munali John Nyanga ndi Eric Mabedi, aja tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021. Nawonso ana asukulu zasekondale ankapikisana pamalowa pa masewero a m'Chifalansa.

M'chaka cha 2011 Afalansa anatseka malowa patapita zaka 38, ndipo boma la Malaŵi linawagula. Koma m'nyengo yosinthana umwiniyo anthu osakonda dziko lawo anathyola nyumbazo ndi kuba katundu wambiri. Zimene zinamangidwa m'zaka zambiri zinaonongeka m'masiku owerengeka, ndipo ntchito yokonzanso yatenga zaka. Phunziro lake nlakuti nyumba ya zisudzo siisungidwa ndi njerwa kapena loko, koma ndi anthu amene amaiyesa yawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ngati eni dziko sitisamala malo otere, palibe mlendo adzabwerenso kudzatisamalira.

Kwa ofuna kukaona, ulendo wake uli motere. Wochokera ku Mchinji ayende makilomita pafupifupi 110 kukafika ku Lilongwe, kenaka makilomita oposa 300 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa mpaka ku Blantyre. Atafika, akwere minibasi yopita ku Limbe natsikire pa Chichiri. Malowa ali m'dera lomwelo ndi bwalo la mpira la Kamuzu ndiponso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri, kotero tsiku limodzi likwanira kuona zonsezi. Nkwanzeru kuyamba mwamva za zoonetsa pawailesi kapena m'nyuzipepala musananyamuke. Aphunzitsi ofuna kupita ndi ana ayambe apempha chilolezo kwa oyang'anira malowa. M'miyezi ya June ndi July musaiwale chovala champhepo, chifukwa chiperoni cha ku Blantyre sichiona nkhope.