Madesiki afika pa lole, mmisiri ali pamudzi

Mu Januwale 2026 zinakwana zaka zinayi chiyambireni maphunziro aulere m'sukulu za boma m'dziko la Zambia, ndipo mkonzi wathu anatiuza kuti manambala tawalemba mokwanira, tipite kumene tala amathera tikaone ndi maso. Ulendowo unatifikitsa m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Lukusuzi, kumwera chakumadzulo kwa Lundazi. Dera la Lumezi, kumene kuli midziyi, linaima palokha mu 2018, koma munthu wakuno akati akupita ku Boma amatanthauzabe Lundazi.

Zoti ana adzaza makalasi aliyense akuzidziwa. Zoti boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, ndi zoti thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni chaka chomwecho, kenaka K36.1 miliyoni mu 2025, nazonso zalankhulidwa pa wailesi mpaka kutopetsa. Nkhani imene tinaipeza ili mkamwamkamwa kuno ndi ina, yooneka yaing'ono: madesiki.

Phungu wina wa nyumba ya malamulo wa m'Chigawo cha Kum'mawa, amene tinacheza naye tisanalowe m'midzi, ali ndi maganizo osavuta kuwatsata. Iye amati sukulu, ntchito ndi chithandizo cha boma ndi mafuwa atatu a mphika umodzi. Ndalama zimene okalamba ndi olumala amalandira amaziyamikira, koma amati limenelo ndi phala la wodwala, mnyamata wa mphamvu zake asalidikire. Kwa achinyamata, iye amakhulupirira basale ya maphunziro a ntchito zamanja. Mwana akamaliza Giredi 12 apite akaphunzire ukalipentala, kumanga kapena kuwotcherera, akabwerako apeze ntchito za CDF zikumudikira m'wodi yake, ndalama izungulire pamudzi. Chitsanzo chimene amachikonda ndi madesiki: sukulu zikuwafuna mazanamazana, ndipo boma lomwe linanena kuti mwana asakhalenso pansi m'kalasi.

Patangopita masiku awiri tinakumana ndi mnyamata amene mawu a phunguyo akanayenera kumukwana ngati malaya osokedwa pa thupi lake.

Ali ndi zaka za m'ma 20, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, Chitumbuka ndi Chinyanja akusakaniza monga achitira anthu akuno. Shopu yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Benchi lopalirapo matabwa analimanga yekha pa mafoloko anayi okumbira pansi. Puleni ndi yobwereka kwa mkulu wa mpingo, ndipo Loweruka lililonse imabwerera kwa mwini wake. Sowo yatha mano pakati moti amadulira kunsonga ndi kuchigwiriro. Tchizulo anasulitsa kuchokera ku chitsulo cha sipuling'i ya galimoto. Pensulo ili kukhutu, yafupika ngati chala cha mwana. Satifiketi yake, imene anaitenga ku Chipata ndi ndalama za basale, amaisunga m'pepala la pulasitiki pansi pa sutikesi kuopa chiswe. Atatitulutsira anayamba wapukuta manja pa buluku.

Ntchito imene imabwera kawirikawiri ndi zitseko, timipando ndi mabokosi a maliro. Za bokosi sapangana mtengo anthu akulira. Amakhoma usiku ndi tochi ya foni, malipiro amadzabwera pambuyo, mwina nkhuku ziwiri, mwina chitini cha mtedza, mwina mawu oti Mulungu akudalitseni. Chimanga chikayamba kukhwima, usiku wake umathera pa nsanja kumunda, ali ndi chitini chogogoda ndi moto wothira tsabola. Njovu si zachilendo kuno, koma anthu amati mavuto anakula kuyambira mu 2022 pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, tsidya la malire. Njovu sidziwa chitupa. Anzake ena amene anamaliza nawo sukulu amalowa mozemba m'nkhalango kukakumba miyala ya mtengo wapatali, akudziwa bwino kuti akagwidwa ndi ndende. Iye akuti anamuitanapo kawiri, amayi ake anagwira mwendo.

Tsiku limene lole inafika pasukulu ya pulayimale yapafupi itasenza madesiki atsopano, iye anali m'gulu la anyamata amene anapatsidwa ganyu yotsitsa. Akuti desiki yoyamba anaitembenuza chagada, nayang'ana m'mene anamangira thabwa ku chitsulo, nayeza ndi chikhatho. Anzake anamuseka kuti akufuna kuipima malungo. Analandira ndalama yake ya ganyu nabwerera pansi pa mango.

"Amayi anandifunsa kuti, 'Nanga iwe unakaphunzira chiyani ku Chipata?' Ndinangoti, 'Amayi, zomwezi,'" anatero akuseka, koma maso ali pa benchi.

Apa ndi pamene anthu agawanika. Phungu uja amati khomo ndi lotsegula: achinyamata apange kopaletivu, ailembetse, atsegule akaunti ku banki, atenge nambala ya msonkho, apikisane nawo khonsolo ikaitana ofuna ntchito. Akuti ndalama za boma sizingaperekedwe pamanja pansi pa mtengo, chifukwa ofufuza za chuma akabwera amafuna mapepala, ndipo amene amayankha mlandu ndi komiti ya CDF. Amanenanso kuti mtima wodikira kupatsidwa ndi umene wagwetsa achinyamata ambiri kuposa kusowa kwa zipangizo.

Mnyamata uja sakana mapepala. Iye amangowerenga pa zala. Kupita ku Boma ndi kubwera pa njinga yamoto ndi mtengo wa zitseko ziwiri, ndipo pepala limodzi silituluka ulendo umodzi. Wopambana ntchito amayamba wagula yekha zipangizo, malipiro amabwera katundu ataperekedwa, nthawi zina patapita miyezi. Desiki ya masiku ano ili ndi miyendo yachitsulo, yofuna makina owotcherera, pamene magetsi pamudzi pano ndi kasola kotchajira foni. Matabwa nawo ndi nkhani. Nkhalango ya masikweya kilomita 2,720 ili pakhomo pomwepa, koma mtengo wa m'menemo sukhudzidwa, ndipo anthu sanaiwale m'mene amene anamanga midzi m'katimo anasamutsidwira mu 2015. Thabwa lovomerezeka limachokera kutali, lili ndi mtengo wa mayendedwe pamsana. Wa m'tauni amene ali ndi shopu, magetsi ndi ngongole ya ku banki wapambana mpikisano asanauyambe.

Mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo sanafune kulowa m'mkanganowo. Anangotitengera m'kalasi ya Giredi 3 natiuza kuti tiwerenge tokha mitu. Kwa iye, desiki ikhale ya ku Lundazi, ya ku Chipata kapena ya ku Lusaka, bola ifike mvula isanayambe, chifukwa pansi pakanyowa ana amalemba ataimirira kapena sabwera n'komwe.

Mayi wina wa m'komiti ya chitukuko ya wodi anaikira kumbuyo phungu pa mfundo imodzi. Akuti kale anayesapo kupatsa ntchito mmisiri wapamudzi, iye nagwiritsa matabwa aawisi. Dzuwa la Okutobala litawomba madesiki anapindika ngati mauta, ndipo pomudzudzula panavuta poti anali mphwake wa munthu wolemekezeka. Wa kutali mungathe kumukaniza malipiro, wapamudzi mudzakumana naye pamaliro. Koma mayi yemweyo anatembenuka n'kufunsa chifukwa chimene basale imalipirira sukulu, chakudya ndi malo ogona, koma mwana n'kubwerako wopanda ngakhale hamala. Anati kumeneko n'kuphunzitsa munthu kulima kenaka n'kumubisira khasu.

Ena amati ntchitoyo igawidwe pakati: miyendo iwotcheredwe ku Boma, matabwa adzamangidwe pasukulu ndi amisiri a m'wodi, aphunzitsi ndi makolo akuona. Titamufotokozera phungu maganizo amenewa pa foni, anati ndi abwino ndipo akhoza kukambidwa, koma anabwereranso pa mawu ake oyamba, kuti popanda gulu lolembetsedwa palibe poyambira. Mnyamata uja titamuuza, anati gulu alipanga, anthu asanu alipo kale, chimene chikusowa ndi munthu wachisanu ndi chimodzi wokhala ndi ndalama ya thiransipoti.

Kuseri kwa kalasi ina tinaona mulu wa madesiki akale, mwina makumi awiri, udzu utamera pakati pake. Ambiri miyendo ili bwinobwino, changothyoka ndi thabwa kapena mabawuti anagwa. Mnyamatayo akuti amadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kumunda, ndipo anawawerengapo kale: oposa theka angadzuke ndi ntchito ya sabata imodzi. Palibe amene anamufunsa, nayenso sanapite kukadzipereka, poopa kuti anganene kuti akufuna kudyera sukulu.

M'mawa wa tsiku lonyamuka tinakumana ndi ana panjira ya kusukulu, mame adakali pa udzu. Ena ananyamula matumba a feteleza opinda bwino oti akayale pansi. Kamtsikana kena kanasenza kampando kamiyendo itatu pamutu, kopalidwa mosalala, dzina lake litalembedwa kunsi ndi chitsulo chamoto. Ndi mlongo wake wa mmisiri uja. Anzake awiri ankamutsatira pambuyo, akukangana za amene akhalepo iye akapita kukalemba pa bolodi.