Mwala wa m'khitchini: osangotengeka ndi kunyezimira

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu ndi wofunika kwa anthu amene akumanga nyumba masiku ano, omwe ambiri akufuna kuti pamwamba pa makabati a m'khitchini pakhale mwala wonyezimira m'malo mwa thabwa kapena simenti.

Mwalawu umadya ndalama zambiri, ndipo ukaika waika. N'chifukwa chake wogula ayenera kuyamba waganizira kaphikidwe ka pakhomo pake asadasankhe pakati pa marble, granite ndi quartz wopangidwa kufakitale.

Marble ndiye amakopa maso kwambiri. Wotchuka zedi amakumbidwa ku Carrara m'dziko la Italy, komwe kudachokera mwala umene Michelangelo adasemera chiboliboli cha David pakati pa 1501 ndi 1504. Koma mwalawu ndi wofewa. Pa sikelo ya Mohs, yomwe imayeza kulimba kwa miyala kuchokera pa 1 mpaka 10, marble ali pa 3 chabe.

Choipa china n'choti amadana ndi zowawasa. Madzi a mandimu, viniga kapena tomato akadonthera, amamudya n'kusiya chipsera chothimbirira chomwe sopo sangachotse. Pakhomo pomwe ndiwo sizipsa popanda tomato, marble sachedwa kukalamba.

Granite ndiye wopirira, pakuti pa sikelo ija ali pakati pa 6 ndi 7. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, boma la Mutoko lidatchuka ndi granite wakuda bii, yemwe adakutira nyumba ya mabuku ya Black Diamond mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, yomwe idatsegulidwa mu 1999.

Komabe kulimbako kumadza ndi kulemera. Granite wochindikala masentimita atatu amalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita imodzi. Makabati a matabwa osalimba amapindika, ndipo mwala ukapanda kukhazikika bwino umang'aluka, makamaka pafupi ndi sinki.

Granite ndi marble onse ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe timamwa mafuta ophikira, choncho amafunika kuwapaka mankhwala otseka timabowoto. Kudziwa ngati nthawi yopakanso yakwana n'kosavuta. Munthu adonthezepo madzi n'kudikira mphindi 15. Pamalopo pakada, ndiye kuti mwala wayamba kumwa.

Potsuka, madzi ofunda, sopo wa mbale ndi nsalu yofewa n'zokwanira. Mchenga, phulusa ndi sitiluwulu zimakalula mwala n'kuuchotsa kuwala. Podula nyama kapena masamba pafunika thabwa, chifukwa mpeni umakanda marble pomwe granite amabunthitsa mpeniwo.

Quartz wa kufakitale amapangidwa posakaniza mwala wogayagaya ndi zomatira. Iyeyu samwa mafuta ndipo safuna kupaka mankhwala, koma amaopa moto. Poto wongophulidwa pambaula akhoza kusiya chizindikiro chosafufutika.

Nkhani yaikulu pa mwalawu ili pa moyo wa mmisiri. Fumbi lomwe limatuluka podula limalowa m'mapapo n'kuyambitsa matenda a silicosis, omwe alibe mankhwala ochiza. Amisiri ambiri, ena achinyamata ndithu, atadwala matendawa, dziko la Australia lidaletsa kupanga, kugulitsa ndi kuika mwala wa kufakitalewu kuyambira pa 1 July 2024.

Naye granite amatulutsa fumbi la mtundu womwewo, ngakhale pamlingo wochepa. Njira yabwino ndiyo kudula mwala kwinaku akuthira madzi, mmisiri atavala chotchinga pakamwa ndi mphuno choyenera ntchitoyo, osati kansalu wamba.

Choncho mwininyumba akamakambirana mtengo, asaiwale kufunsa komwe mwalawo ukadulidwire ndi mmene ukadulidwire. Kudulira pouma m'nyumba kumaika pachiswe mmisiri pamodzi ndi ana apakhomopo.