Damu Kapena Thanki: Kusankha Powetera Nsomba ku Mulanje

Alimi ambiri ozungulira Mulanje Mission ali ndi minda yaing'ono, poti anthu ndi ochuluka ndipo malo aakulu ali ndi tiyi. N'chifukwa chake ena akafuna kuyamba ulimi wa nsomba amaganiza zoweta m'thanki pakhomo m'malo mokumba damu. Njira zonse ziwiri n'zotheka, koma zimasiyana pa madzi, chakudya ndi ndalama zimene muzitulutsa mpaka nthawi yokolola. Musanagule simenti kapena kugwira khasu, lingalirani mfundo zotsatirazi.

Kusiyana kwa damu ndi thanki

Damu limathandiza kudyetsa nsomba. Mukathiramo manyowa a nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, dzuwa limameretsa tizomera ting'onoting'ono timene timachititsa madzi kuoneka obiriwira. Makumba ndi chambo zimadya tizomerati, ndipo masana timatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma. Madeya ndi soya zimangowonjezera pa chakudya chimenechi. Chilinguni chimadyanso masamba ofewa monga a mbatata ndi maungu.

M'thanki nsomba zimakhala zothinana ndipo chakudya chachilengedwe chimachepa kwambiri. Zimadalira chakudya chogula chokhala ndi michere yokwanira, tsiku lililonse. Ndowe zake ndi chakudya chotsala zilibe dothi loti ziwolerepo, choncho madzi amawonongeka msanga ndipo amafunika kusinthidwa pafupipafupi. Chambo ndi makumba zikachuluka m'thanki zimafuna makina olowetsa mpweya m'madzi. Magetsi akazima usiku, nsomba zikhoza kufa zonse kusanache. Kampani ya Chambo Fisheries ku Blantyre inamanga mathanki akuluakulu owetera nsomba, koma ulimi wotere umayendera makina, magetsi osadukiza ndi akatswiri.

Sankhani damu ngati:

- Muli ndi kasupe, mtsinje kapena ngalande yosaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo madzi angathe kulowa okha popanda pampu.
- Dothi ndi lamakande kapena losunga madzi. Umbani dothi lonyowa ngati mpira, muliponye m'mwamba n'kuliwakha. Likaphwasuka ndiye kuti mchenga wachuluka. Kumbaninso dzenje lofika m'chiuno, mulidzaze madzi, mawa lake mudzazenso, kenako muone ngati madziwo akukhalitsa.
- Muli ndi ziweto zopereka manyowa komanso mumapeza madeya mosavuta.
- Malowo ndi otsetsereka pang'ono, amawombedwa ndi dzuwa ndipo sali m'njira ya madzi osefukira.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kuno. Mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje monga Ruo, Likhubula ndi Lichenya imadzaza mwadzidzidzi, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa mmene madzi angakokolere minda ndi nyumba. Kumbani damu patali ndi gombe la mtsinje, tsindirani bwino makoma, dzalanipo udzu ndipo ikani paipi yotulutsira madzi akachuluka.

Damu la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali ndi lokwanira poyambira. Likhale lakuya pafupifupi masentimita 80 kolowera madzi ndi mita imodzi ndi theka kotulukira. Mukaika nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, mufunika ana a nsomba 600. Ngati 500 apulumuka n'kufika magalamu 120 iliyonse, mudzakolola makilogalamu 60. Werengerani ndalama zimenezi pa mtengo wa kumsika kwanu musanayambe.

Sankhani thanki ngati:

- Mulibe malo okumba damu, kapena dothi lanu silisunga madzi.
- Muli ndi madzi ambiri apafupi osalipira. Thanki la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya limalowa malita 1,000, omwe ndi zidebe 50 za malita 20. Madzi a mpopi olipira amadula, komanso amakhala ndi mankhwala a klorini amene amapha nsomba akathiridwa asanagonetsedwe.
- Muli ndi ndalama zogulira chakudya cha miyezi yonse, osati ya mwezi woyamba wokha.
- Mukufuna kuweta mlamba.

Mlamba ndi umene umapirira m'thanki chifukwa umatha kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi. Komabe umadyana, choncho muzipatula waukulu ndi waung'ono masabata awiri alionse ukadali waung'ono. Vindikirani thanki ndi ukonde chifukwa umalumpha. Thanki latsopano la simenti muliviike ndi kulitsuka kangapo musanaikemo nsomba. Ubwino wa thanki ndi woti lili pakhomo: akuba, akatumbu, ng'azi ndi mbalame sizifika mosavuta, ndipo madzi otayidwa mukhoza kuthirira ndiwo zamasamba.

Kuzizira

Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akatentha pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20, zimachepetsa kudya ndipo zimapinimbira. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, thanki lomangidwa pamwamba pa nthaka limazizira msanga kuposa damu lakuya. Madzi a m'phiri nawo ndi ozizira, choncho musawalole kumangodutsa m'damu usana ndi usiku. Amaziziritsa damu ndi kukokolola chakudya chimene manyowa apanga. Ikani ana a nsomba nyengo ikayamba kufunda, cha mu Seputembala.

Nsomba za m'bokosi lagalasi

Mabokosi agalasi amene mumawaona m'mahotela ndi osungiramo nsomba zokongoletsa, monga mbuna za m'nyanja ya Malawi. Si owetera ndiwo. Musagulenso nsomba zachilendo monga stingray ya m'mitsinje ya ku South America, yomwe ili ndi munga waululu kumchira. Lamulo la za usodzi limaletsa kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno popanda chilolezo. Nsomba zosadziwika kochokera zimafalitsanso matenda, monga a zilonda a EUS amene anabuka ku Mchinji mu 2020.

Poyambira

Kwa mlimi amene ali ndi madzi oyenda okha, dothi labwino ndi manyowa, damu ndi lotchipa kulisamalira ndipo silidalira magetsi. Ngati mulibe malo, ganizirani zokumba damu limodzi ngati kalabu musanathamangire thanki. Kambiranani ndi amfumu komanso anzanu a kumunsi kwa mtsinje musanapatutse madzi. Alimi otsogolera, itanani mlangizi wa za nsomba wa boma la Mulanje adzaone malo munthu asanakumbe, ndipo mbewu ya nsomba muigule kwa alimi amene mlangiziyo wavomereza kapena ku National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba.