Chilembwe wa m'masewero tizimuveka chipewa

Tsiku la 15 Januwale likamayandikira, ndimakonda kuonera ana kuno ku Nguludi akuchita masewero a mbiri ya mbusa John Chilembwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena amamuveka sanza, mkondo uli m'manja. Bamboyu sankaoneka choncho ayi.

Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe, m'boma lathu lomweli la Chiradzulu. Pa zithunzi zake amaoneka atatchena suti ngati abusa akuda a ku America, pofuna kuonetsa kuti munthu wakuda naye ngwolemekezeka.

Chachikulu ndi chipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankakakamizidwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Koma pa chithunzi cha mu 1914, Chilembwe waima pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu. Chithunzichi n'chimene Samson Kambalu anatengera popanga chipilala chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square, ku London, mu 2022.

Aphunzitsi ndi makolo, izi sizifuna ndalama zambiri. Mnyamata mumupezere jekete ya pakaunjika, malaya oyera, tayi ndi chipewa chobwereka kwa agogo. Mtsikana wosewera ngati mayi Ida Chilembwe, kapena Emma DeLaney, mmishonale wakuda wa ku America amene anadzathandiza pa mishoniyi, avale diresi lalitali la manja aatali.

Anzake akadzafunsa chifukwa chimene sakuvulira chipewa pamaso pa bwana, aphunzitsi mudzayambire pomwepo kufotokoza za 1915.