Nyumba Yoyenda pa Matayala: Kasamalidwe ka Motorhome ku Greenwich

Motorhome ndi galimoto yomwe kumbuyo kwake kuli nyumba yathunthu: bedi, chitofu, firiji, bafa ndi chimbudzi. Ku Malawi imaoneka mwa kamodzikamodzi, kawirikawiri ili ndi alendo odzaona nyanja, koma ku Britain mabanja ambiri ali nayo, makamaka anthu opuma pantchito. M'boma la Greenwich, kummwera chakum'mawa kwa London, magalimotowa ali ndi pogona pawo ku Abbey Wood, mumsewu wa Federation Road. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe la Caravan and Motorhome Club, lomwe linayamba mu 1907 ndi dzina loti Caravan Club, n'kusintha dzinalo mu 2017. Alendo amaimika magalimoto awo pansi pa mitengo n'kukwera sitima ya Elizabeth line, yomwe inayamba kuyenda mu 2022, kupita pakati pa mzinda.

Galimoto yotere ndi zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi. Pansi pali galimoto ya katundu, kawirikawiri Fiat Ducato, Peugeot Boxer, Ford Transit kapena Mercedes-Benz Sprinter. Pamwamba pali nyumba yomangidwa ndi kampani ina, yokhala ndi magetsi akeake, gasi ndi mapaipi a madzi. China chikavuta, poyambira m'pofufuza ngati vutolo lili kugalimoto kapena kunyumba, chifukwa amisiri ake ndi osiyana. Mayeso a MOT, ofanana ndi COF ya ku Malawi, amachitika chaka ndi chaka galimoto ikakwanitsa zaka zitatu, koma amangoona mabuleki, nyali, matayala, utsi ndi zina za pamsewu. Za gasi, firiji ndi denga lodontha sizimawakhudza.

Chinanso n'chakuti motorhome imaonongeka kwambiri ikangoima kusiyana ndi ikamayenda. Minibasi ya pakati pa Limbe ndi Zomba imatha ndi ntchito. Motorhome imatha ndi kugona. Miyezi yozizira yonse imakhala pabwalo, mvula ikuinyowetsa, ndipo mavuto ambiri oonekera pa ulendo woyamba wa chaka amakhala atayambira pamenepo.

Kulemera, utsi ndi msinkhu

Laisensi wamba ya ku Britain imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, kupatula kwa amene anakhoza mayeso oyendetsa pasanafike pa 1 Januwale 1997, omwe amaloledwa mpaka makilogalamu 7,500. Nyumba yokhayo imatenga gawo lalikulu la kulemerako, choncho potsala katundu m'pochepa. Thanki ya malita 100 ikadzaza madzi imalemera ngati matumba awiri a chimanga. Kuphatikizapo anthu, njinga ndi mabotolo a gasi, malire amapyoledwa mwiniwake asakudziwa, ndipo zolira ndi kilatchi, mabuleki ndi matayala. Chotsimikizira ndi sikelo ya magalimoto basi.

Kuyambira pa 29 Ogasiti 2023, lamulo lochepetsa utsi la ULEZ linafika m'maboma onse a London, Greenwich yense ali momwemo. Motorhome ya dizilo yosafika muyezo wa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse lomwe yayenda, pomwe zolemera kupitirira matani 3.5 zili pansi pa lamulo la LEZ, la ndalama zokwera kwambiri. Msinkhu nawo uli ndi malire. Msewu wa Blackwall wodutsa pansi pa mtsinje wa Thames, mbali yopita kumpoto yomwe inatsegulidwa mu 1897, sulola galimoto yopitirira mamita 4, ndipo wa Rotherhithe malire ake ndi mamita 2. Motorhome zambiri zimafika mamita atatu, n'chifukwa chake eni ake amamata kapepala ka msinkhu wa galimoto pafupi ndi chiwongolero.

Injini, mabuleki ndi matayala

Popeza motorhome siyenda mtunda wautali pa chaka, sevisi yake imawerengedwa ndi nthawi, osati makilomita okha. Oyilo amakalamba ngakhale injini isanalire. Lamba wa timing, pa injini zomwe zili naye, amauma ndi zaka, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni, ntchito ya tsiku limodzi n'kusanduka yomasula injini yonse. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, choncho amasinthidwa pakatha zaka ziwiri. Galimoto ikasiyidwa miyezi handibuleki ili chikokere, mabuleki a kumbuyo amagwirana ndi dzimbiri. Odziwa amaisiya m'giya n'kutchinga matayala.

Matayala amanyenga. Lamulo limafuna kuti mizere yake ikhale yozama mamilimita 1.6, koma tayala la motorhome limang'ambika m'mbali mizere ikadali yatsopano. Zaka zake zimadziwika ndi manambala anayi olembedwa m'mbali mwake: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likadutsa zaka zisanu limafunika kuunikidwa mosamala, ndipo lakale kwambiri limachotsedwa ngakhale likuoneka bwino.

Injini za dizilo zamakono zili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF m'paipi ya utsi. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo, koma imafuna kuti injini ithamange mosadukiza kwa kanthawi ndithu. Kukwawa m'misewu ya Woolwich ndi Charlton sikuipatsa mpata. Nyali yake ikayaka, mankhwala oyamba ndi ulendo wa mphindi makumi awiri kapena kupitirira pa msewu waukulu ngati A2 wolowera ku Kent. Ikanyalanyazidwa, injini imadzichepetsera mphamvu yokha, ndipo pamenepo ndi nkhani ya kugalaja.

Injini ikamawira

Kutentha kwa injini kumatengedwa ndi madzi, omwe pampu imawazunguza kupita ku rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa. Pakati pali thermostat, kachitseko kotseguka madzi akafika madigiri 80 mpaka 90. Chivindikiro cha thanki ya madzi chimasunga mphamvu ya mpweya m'katimo kuti madziwo asawire pa madigiri 100. Chimodzi mwa izi chikalephera, singano yoonetsa kutentha kwa injini imakwera, ndipo malo amene yakwererapo amaulula wolakwa.

Singano ikamakwera galimoto ili pamzere wolowera ku Blackwall, n'kutsika msewu ukatseguka, woganiziridwa woyamba ndi fani. Galimoto ikaima palibe mphepo yolowa mu rediyeta, ndiye fani ndiyo imagwira ntchito yonse. Kawirikawiri yapsa ndi fyuzi, relay kapena kachipangizo koyeza kutentha. Koma singano ikamakwera pa chitunda cha Shooters Hill, chotalika mamita 132, kapena pa Blackheath Hill, pomwe pamalo athyathyathya zonse zili bwino, ndiye kuti madzi sakuyenda mokwanira: rediyeta yatsekeka, thermostat yakanirira, kapena pampu yatopa. Madalaivala okwera mapiri a Chiweta kapena chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa amazidziwa bwino zimenezi.

Zikatere dalaivala amatsegula hita mpaka kumapeto, chifukwa nayo imachotsako kutentha kwa injini, n'kuima pamalo abwino. Chivindikiro sichitsegulidwa injini ili yamoto, poti nthunzi yake imasupula khungu, ndipo madzi ozizira sathiridwa mu injini yotentha, kuopa kung'amba chitsulo. Pakatha theka la ola kapena kuposerapo, mapaipi a labala amafinyidwa ndi dzanja kuti aoneke ngati afewa kapena ang'aluka, ndipo pansi pamayang'anidwa ngati padontha. Utsi woyera wosatha, thovu m'thanki ya madzi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi zizindikiro za gasiketi yopsa. Galimoto yotere imafunika kukokedwa.

Madzi okha sakwanira. Amasakanizidwa theka ndi theka ndi mankhwala a antifreeze, omwe amaletsa kuundana mpaka cha m'ma digiri 35 kunsi kwa ziro, komanso amateteza ku dzimbiri. Madzi a pampopi a ku London ali ndi laimu wambiri, yemwe amaundana m'timapaipi ta rediyeta monga amachitira m'ketulo, choncho posakaniza pamafunika madzi otchezedwa, opanda laimu. Mitundu yosiyana ya antifreeze siphatikizidwa chisawawa, chifukwa ina ikakumana imapanga phala lotseka njira.

Magetsi a mitundu iwiri

Motorhome ili ndi mabatire awiri. Loyamba ndi lolizira injini. Lachiwiri ndi la m'nyumba, lofanana ndi batire la sola la kumudzi: limayatsa nyali, pampu ya madzi ndi fani ya hita, ndipo limapereka mphamvu pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Awiriwa amalekanitsidwa injini ikazima, kuti nyali za usiku zisamalize moto wolizira m'mawa.

Chida chofunika kwambiri ndi mita yoyezera magetsi. Batire la mtovu lodzaza, litapuma maola angapo, limaonetsa mavoti pafupifupi 12.7. Likafika 12.2 latsala theka, ndipo kulisiya kunsi kwa 12 kwa masabata kumaliphera mkati. Injini ikamalira manambala amayenera kukwera kufika cha m'ma 14. Akapanda kukwera, moto sukufika. Magalimoto ambiri a Euro 6 ali ndi alternator yosinthasintha mphamvu pofuna kusunga mafuta, ndipo batire la m'nyumba silidzaza bwino popanda chaja yapadera pakati. Sola ya padenga imathandiza m'chilimwe, koma pakati pa Disembala masana a ku London sakwana maola asanu ndi atatu, dzuwa lili m'munsi.

Magetsi enawo ndi a mavoti 230, ngati a m'nyumba za ku Malawi, olowa ndi nthambo ya pulagi ya buluu yolumikizidwa pa chipilala cha pamalo ogona. Chipilala cha maampu 16 chimapereka mawati pafupifupi 3,680. Ketulo ya mawati 3,000 ikayatsidwa pamodzi ndi hita ya mawati 2,000, switchi imadzizimitsa yokha. Nthambo imatambasulidwa yonse, chifukwa yosiyidwa chikulungire imatentha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha: vuto la magetsi limafufuzidwa kuyambira pa zotchipa. Chikafa chinthu chimodzi, poyamba ndi fyuzi yake. Zikafa zonse, ndi batire, switchi yaikulu kapena waya wa earth womangidwa ku chitsulo cha galimoto. Mchere womwazidwa m'misewu ya ku Britain nthawi yachisanu umadya malo olumikizirawa, ndipo nyali zophethira zokha kawirikawiri zimachira pongopala dzimbiri n'kumanganso nati. Fyuzi ikapsa kawiri, penapake waya wasupuka. Kuika fyuzi yaikulu kapena kumangapo kawaya n'kuitana moto.

Firiji ndi gasi

Firiji zambiri za m'motorhome, monga za Dometic ndi Thetford, zilibe injini. Zimaziziritsa pogwiritsa ntchito moto, monga firiji za palafini zomwe zinkasunga katemera m'zipatala za kumidzi. Njirayi anaitulukira Baltzar von Platen ndi Carl Munters ku Stockholm mu 1922: kutentha kumazunguza amoniya, madzi ndi mpweya wa hydrogen m'mapaipi otsekeka. Motowo umachokera ku gasi, ku magetsi a 230, kapena ku mavoti 12 injini ikamalira.

Izi zimathandiza pofufuza. Firiji ikamagwira pa magetsi koma osagwira pa gasi, vuto lili pa choyatsira, ndipo nthawi zambiri ndi mwaye, dzimbiri kapena ukonde wa kangaude. Ikakana njira zonse zitatu, choyamba kuona ndi kaimidwe ka galimoto, chifukwa ikapendekeka madzi a m'mapaipi sayenda. Mawindo a mpweya a kunja kwa firiji nawo amafunika kukhala otseguka; zotsekera za nthawi yachisanu zikaiwalika m'chilimwe, ngati cha Julaye 2022 pomwe kutentha ku London kunapitirira madigiri 40, mkaka umasasa.

Gasi alipo wa mitundu iwiri. Butane amasiya kutuluka kuzizira kukafika pa ziro, pomwe propane amagwirabe mpaka madigiri 42 kunsi kwa ziro, choncho chitofu chokana kuyaka m'mawa wa Januwale botolo la butane lili lodzaza sichinafe ayi. Lawi labwino ndi la buluu. Lachikasu limatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha, n'chifukwa chake belu lochenjeza za mpweyawu silisowa m'katimo. Podontha gasi pamafufuzidwa ndi thovu la sopo, osati machesi, ndipo kukonza kwake ndi kwa mmisiri wophunzira ntchitoyo.

Madzi, chisanu ndi chinyezi

Madzi akaundana amafufuma n'kuphulitsa mapaipi, mipopi ndi thanki yotenthetsera. Zotenthetsera madzi zambiri za Truma zili ndi vavu yodzitsegukira yokha kuzizira kukafika cha m'ma digiri atatu, ndipo osadziwa amayesa thanki yabooka akaona chithaphwi pansi pa galimoto. Isanagonekedwe, matanki onse amakhuthulidwa, mipopi n'kusiyidwa yotsegula, firiji yosatseka, batire lili pa chaja.

Chinyezi ndicho chimapha motorhome zambiri injini zikadali zamphamvu. Zomatira za m'mphepete mwa mawindo ndi m'malumikiziro a denga zimauma n'kung'aluka, madzi n'kumalowa dontho ndi dontho m'makoma, momwe muli matabwa opyapyala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kunja penti akuwala, m'kati thabwa lafumbwa. Fungo la chuku, khoma lofewa podina ndi chala, ndi madontho akuda m'makona mwa makabati zimaoneka vuto litakula kale.

N'chifukwa chake kupatula MOT ndi sevisi ya injini, nyumbayo ili ndi kuunika kwakekwake kwa chaka ndi chaka. Mmisiri amayeza makoma ndi kachipangizo ka chinyezi, amapima mapaipi a gasi ngati akutaya mpweya, amayesa magetsi a mitundu yonse iwiri, n'kulemba zomwe wapeza. Ku Britain magalaja ambiri ogwira ntchitoyi ali m'ndondomeko ya Approved Workshop Scheme. Makampani omanga nyumbazi kawirikawiri amafuna mapepala a kuunikaku asanavomere kukonza denga lodontha pa chitsimikizo chawo, ndipo wogula motorhome yakale amayamba wafunsa mapepala omwewo asanafunse za makilomita.