Mwendo wa udzudzu ndi dzina la papepala

Pa 25 Epulo chaka chilichonse, asayansi amakumbukira tsiku lomwe kapangidwe ka DNA kanalengezedwa mu 1953, komanso kutha kwa ntchito yowerenga DNA ya munthu mu 2003. Kuno kwathu tsikuli limangodutsa mwakachetechete, komatu akatswiri a za chibadwa cha zamoyo alipo m'mayunivesite athu, ngakhale ndi owerengeka.

Mmodzi mwa iwo ndi mayi wina amene m'mawa amaphunzitsa kalasi yodzaza mpaka ophunzira ena kuimirira pakhomo, ndipo masana amavala gauni loyera n'kulowa mulabu. Patebulo pawo pandandalikidwa timabotolo tochepera chala cha kaniye, kalikonse kali ndi udzudzu umodzi wouma. Udzudzuwu anautola ku Chikwawa m'bandakucha, m'nyumba za anthu, pouyamwa ndi kapaipi pamakoma ndi kudenga. Mayiwa amathothola mwendo umodzi ndi kopanira, kuunyenya m'madontho a mankhwala, kenako n'kuika m'makina a PCR omwe amachulukitsa kachigawo ka DNA komwe akukafuna. Akamathira madonthowo salankhula ndi munthu. Magetsi akangothima, amasiya zonse n'kuthamangira kufiriji yomwe imazizira madigiri 80 kunsi kwa ziro, chifukwa mmenemo ndi momwe muli thukuta la zaka zambiri.

Udzudzu womwe akulimbana nawo ndi Anopheles funestus, umodzi mwa mitundu yofalitsa kwambiri malungo m'Malawi. Pofika 2010 zinali zitadziwika kuti pachilumba cha Likoma udzudzuwu wayamba kupima mankhwala a pyrethroid omwe amanyikidwa m'masikito. Ofufuza anapeza kuti kachigawo ka DNA kotchedwa CYP6P9a kamachititsa thupi la udzudzu kuphwanya mankhwalawo asanauphe. Nzeru zotere ndi zomwe zinapatsa mphamvu masikito okhala ndi PBO, mankhwala omwe amafooketsa chitetezo chimenecho.

Koma mukakhala nawo nthawi akatswiriwa, nkhani yomwe imatenthetsa mitu si ya udzudzu ayi. Ndi ya dzina. Kuwerenga DNA yonse ya chamoyo kumalira makina ndi mankhwala okwera mtengo, choncho kawirikawiri zotola kumudzi zimakwezedwa ndege kupita ku Ulaya, ku Amereka kapena ku South Africa. Pepala la zotsatira likatuluka, dzina loyamba ndi lotsiriza, omwe ndi maina olemera m'sayansi, nthawi zambiri amakhala a kunja. Amene anadzuka usiku, kukambirana ndi mafumu, n'kupempha chilolezo khomo ndi khomo, dzina lake limabisika pakati. Chonsecho kuyunivesite munthu amakwezedwa pantchito poyang'ana mapepala omwewo, ndipo opereka ndalama za kafukufuku nawonso amayang'ana pomwepo.

Ena amati palibe chodandaula: popanda anzathu akunjawo sipakanakhala ndalama, makina, ngakhale mwayi wokachita PhD. Ena akuti ubale woterewu uli ngati wa mlimi ndi vendala, wina amalima, wina amatchula mtengo. Iwowa amafuna kuti DNA iziwerengedwa konkuno, ndipo ikatuluka kunja pazikhala pangano lolembedwa la mwini wake wa zotsatirazo. Amakumbutsanso za Novembala 2021, pomwe asayansi a ku Botswana ndi South Africa anatulukira mtundu wa Omicron wa Covid-19 n'kulengeza mosabisa. Patangopita masiku ochepa, Britain ndi Amereka anatsekera zitseko apaulendo ochokera kumwera kwa Africa, Malawi ali pomwepo.

Kwa ine, mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo yolimba. Anthu a mu Africa ndi omwe DNA yawo imasiyanasiyana kwambiri padziko lonse, koma m'kafukufuku wamkulu wa chibadwa ndi matenda safika atatu pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku sikungathe ngati wofufuza wa kuno akhalabe wotolera anzake zoyeza.

Pomwe mayi aja amatseka labu, mwana wasukulu wa chaka chachinayi anali akutsukabe timabotolo kusinki. Poyamba ankafuna udokotala koma sanasankhidwe. Pano akulemba makalata ofunsira malo ku Cape Town, ndipo nkhani yomwe akufuna kukafufuza ndi ya matenda a sickle cell mwa ana a kunyanja.