Mfuti Itsale Kunja kwa Bwalo

Ife a ku Lundazi mfuti sitiimva m'nkhani chabe. Tinakula tikuona gogodela atapachikidwa pakhoma pa agogo, ndipo abale athu okhala kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi ndi chigwa cha Luangwa amadziwa chimene njovu imachita ikalowa m'munda wa chimanga. Koma kumunda ndi kwina, pamsonkhano ndi pena. Tsono tifunse: kodi ndani ali ndi mphamvu yoletsa munthu kulowa ndi mfuti mu holo ya khonsolo, mumsika kapena pamsonkhano wa anthu ambiri?

Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti ndi khonsolo. Yankho limeneli ndi loona mbali imodzi yokha. M'Zambia malamulo a mfuti amapangidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka. Lamulo la Firearms Act la 1969 linagawa ntchito pawiri: apolisi ndiwo amafufuza wopempha ndi kumuvomereza, ndipo khonsolo ndiyo imapereka laisensi iye atalipira. Za misonkhano zinaikidwa m'lamulo lina, Public Order Act la 1955, limene atsamunda anatisiyira. Ilo linaletsa kunyamula zida pamsonkhano kapena pa ndawala popanda chilolezo cha lamulo, ndipo oyang'anira zimenezi anakhala apolisi.

Komabe khonsolo si yopanda manja. Ndiyo mwini holo yake, ndiyo imayendetsa misika ndi masiteshoni a basi. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 limailola kupanga malamulo ake a m'dera, ngakhale kuti sagwira ntchito mpaka nduna itawavomereza, ndipo sangatsutsane ndi malamulo a dziko. Motero makhansala athu sangalande munthu mfuti imene ali nayo movomerezeka, koma angathe kunena kuti wobwereka holo kapena wolowa m'chipinda cha zokambirana alowe chimanjamanja.

Wina anganene kuti izi ndi nkhawa za anthu a m'tauni. Tikumbukire mbiri yathu. Pa 23 Ogasiti 1997 ku Kabwe, apolisi anaombera galimoto imene munali a Kenneth Kaunda ndi a Rodger Chongwe pobalalitsa msonkhano wa zipani zotsutsa, ndipo a Chongwe anavulala kwambiri. Mu Okutobala 2019 ku Kaoma, boma lakumudzi ngati lathuli, mnyamata wina anaomberedwa nafa pa nthawi ya chisankho cha wapampando wa khonsolo. Nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa kuti mfuti pamsonkhano imaopsa, kaya ili m'manja mwa wachipani kaya mwa wovala yunifolomu. Madzi akatayika saoleka.

Funso limeneli lavutitsanso maiko olemera. Ku America, zigawo zambiri zimaletsa makhonsolo kuika malamulo awoawo a mfuti. Chigawo cha Virginia chinali chimodzi mwa izo mpaka pamene wantchito wina anapha anthu 12 m'nyumba ya maofesi a mzinda wa Virginia Beach pa 31 Meyi 2019. Chaka chotsatira, 2020, aphungu a kumeneko anapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa mfuti m'nyumba zawo ndi m'mapaki awo. Iwo anadikira maliro kuti asinthe lamulo.

Ife tili ndi chitsanzo chabwino pakhomo pathu pomwe. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo linakhazikitsa malo ake ogulira mbewu ku Lundazi, linakopa alenje ambiri opha nyama mozemba kuti apereke okha mfuti ndi misampha yawo ya waya. Sanawopsezedwe ndi ndende ayi; anapatsidwa luso la ulimi ndi msika wa mtedza, soya ndi uchi. Mafumu ndi anansi awo anawalimbikitsa. Munthu amatula chida akaona kuti anzake onse agwirizana, ndiponso kuti iye sadzagona ndi njala.

Nchifukwa chake tisasiyire apolisi okha nkhaniyi. Tikakumana ndi khansala wathu, timufunse ngati khonsolo ili ndi lamulo lolembedwa la zida mu holo ndi m'misika yake. Ngati palibe, tipemphe kuti alipereke pa zokambirana. Mafumu athu, monga a Mphamba ndi a Kapichila, angathe kulengeza zomwezo pa mabwalo awo, ndipo makomiti a sukulu ndi a tchalitchi achite chimodzimodzi asanabwereketse malo. Pamsonkhano mayi wokalamba ayenera kutsutsa mkulu wa chipani wopanda kuyang'ana chimene chatukumuka m'jekete mwake.